Sala Imene Anandikonzera Ndili Wosaona

Zinha, sendera nayo kuno foniyo, mbali ya diso lamanja, chifukwa lamanzereli likadali patchuthi. Eya, tsopano ndaona. Ndiye ukuti sala yako ya ku Mandimba ikakhale chonchi? Masofa oyera ngati ufa, meza ya galasi pakati, nyale yolendewera ngati mkoko wa nthochi. Ndi yokongola, sindikutsutsa. Koma m'nyumba imeneyi mumakhala anthu? Sindikuona ngakhale patapata mmodzi pakhomo. Ndipo fumbi la ku Mandimba nthawi yachilimwe ukulidziwa wekha, limalowa ndi m'botolo lotseka lomwe.

Musamuseke, ana inu. Mchemwali wanu wapeza ntchito ya uphunzitsi, wapeza nyumba yakeyake, ndipo n'koyenera kuti aikongoletse. Khalani pansi nonse ndikuuzeni za sala ino mwakhalamoyi. Amayi anu a Rosa alimo m'nkhaniyi, ndiye mukakabwerera ku Nampula musakanene kuti agogo amawajeda. Agogo anu aakazi ali pakhondepo akusankha nyemba, akumva zonse. Ndikanama atsokomola.

Ine ndinakulira ku Mitande, kwa amayi anga. Bambo anga anali Mmakhuwa wa cha ku Nampula, anabwera ndi ntchito ya njanji, n'kukodwa ndi amayi. Kwathu kunalibe chinthu chotchedwa sala, chimene anzathu a ku Malawi amati balaza. M'nyumba munali mogona ndi mosungira mbewu basi, mwamdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Mlendo ankalandiridwa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Akakhala wamwamuna tinkamuthamangira ndi kampando kosema, wamkazi tinkamuyalira mphasa. Mpando weniweni m'mudzi monse unali umodzi, wa ndalema, wa chiguduli cha thumba, ndipo mwini wake ankaubwereketsa pa ukwati ndi pa maliro. Koma musaganize kuti anthu akale sankadziwa kukongoletsa. Loweruka amayi ankazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, n'kupukuta ndi mwala wosalala mpaka pansi pankanyezimira. Mwana ukaponda pasanaume, tsiku limenelo unkaliona.

Nditakula ndinalowa ntchito ya bambo anga, m'gulu lokonza njanji ya ku Lichinga. Komboyo, sitima ya pamtunda ija, ya nthawi imeneyo sinali yothamanga ngati ya lero. Munthu unkatha kutsika, kukagula nzimbe, n'kuipezanso isanapite patali. Tsiku lina tikugwira ntchito cha ku Ngauma madzi anatithera, ndipo ananditumiza ku mudzi wapafupi. Nyumba zonse zinali zofanana kupatula imodzi. Khoma lake linali ndi mizere ya dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ndi timaluwa tojambula ndi chala kuzungulira chitseko. Ndinasiya nyumba zapafupi n'kukapempha madzi pamenepo. Anatuluka mtsikana wina manja ali matope okhaokha. Ndinafunsa kuti wajambula khomali ndani, iye anati, "Mwabwera kudzamwa madzi kapena kudzafunsa mafunso?" Mtsikana ameneyo ndi uyo akusankha nyembayo. Mwamumva? Watsokomola, koma kumeneko si kutsutsa, n'kuvomera.

Titakwatirana tinabwera kuno ku Cuamba. Sala yathu yoyamba inali ndi benchi yopanga ndi mtanda wakale wa njanji umene kuntchito anautaya, ndi kalendala ya m'sitolo ya Mmwenye pakhoma. Mipando iwiri yoyamba ndinakaitenga kwa mmisiri wa matabwa ku Mandimba, ndinaimanga panjinga, ndipo njira yonse anthu ankandifunsa ngati ndikusamuka. Agogo anu anayamba pang'onopang'ono. Kapulana yakale, chitenje chija, anaisandutsa kortina ya pazenera. Anaphunzira kuluka tinsalu toyera toyala pamipando, ndipo anatiluka tambiri moti ndinkaopa kuti tsiku lina ndikagona pampando ndidzadzuka atandiyala kamodzi pamutu. Pansi ankapaka sera yofiira, n'kupukuta ndi chikamba cha kokonati, akuchipondera ndi phazi limodzi ngati akuvina. Inu a lero mumangoti koloponi n'kutha. Nkhondo ija itafika tinataya zambiri, koma mtendere utabwera iwo anayambiranso, kuyambira pa kortina pomwe.

Ana anakula, ine ndinapuma ntchito. Amayi anu malonda awo a nsalu atayamba kuyenda bwino ku Nampula, anaganiza zolemekeza makolo. Tsiku lina tinangoona katundu akutsika pa komboyo: masofa akuluakulu atatu, tapeti ya ubweya yoyala pansi, kabati ya magalasi, ndi meza ya galasi yofanana ndi iyo ili m'foni mwako, Zinha. Mkwalala wonse unabwera kudzaona. Ine ndinanyada kwambiri, sindibisa. Koma sala ndi yomwe ino, mukuiona kukula kwake. Katundu yense uja atalowa, munthu unkayenda cham'mbali ngati nkhanu. Masofawo ukakhalapo unkamira, ndipo podzuka unkafunika wokukoka. Anzanga okalamba ankangosuzumira, kuyamikira, n'kunena kuti, "Tiyeni tikhale panja, kuli kamphepo."

Nthawi yomweyo ndi imene maso anga anayamba. Poyamba ndinkati ndi utsi wa moto wa kutchire. Mvula inagwa, utsi unatha, koma wanga sunathe. Kenako nkhope za anthu zinayamba kusungunuka, phiri lija timaliona tikaima pakhomo linasowa. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Mapeto ake ndinkangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ngati munthu amene wafunda nsalu yoyera kumutu. Ana inu, munthu ndinayenda njanji ndi mapazi anga kuchoka kuno mpaka ku mapiri a ku Lichinga, ndinayamba kusochera pakati pa chipinda ndi khonde. Ndipo mdani wanga wamkulu anali meza ija. Galasi silioneka ngakhale kwa wa maso awiri. Misongolo yangayi ikanakhala ndi pakamwa ikanakuuzani.

Lamulungu lina masana anabwera anthu a kutchalitchi kudzandiona. Agogo anu anaika tiyi wotentha pameza. Ine nditamva mawu a mkulu wa mpingo ndinati ndidzuke ndimupatse moni ngati mwamuna wa pakhomo. Ndinadzikoka m'sofa muja, phazi linakodwa m'mphepete mwa tapeti, ndipo ndinagwera pameza. Galasi linasweka, tiyi anatayikira pamiyendo ya mayi wina, ine dzanja linachekeka. Anandidzutsa, anandimanga bala, aliyense akuti pepani. Koma makutu a munthu wosaona ndi akuthwa. Potuluka ndinamva wina akunong'oneza mnzake pakhomo kuti, "Akulu aja atha. Bola azingowasunga kuchipinda."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa galasi. Ndinalowa kuchipinda ndipo sindinatulukenso. Chakudya ankandibweretsera konko. Wailesi ndinaikana. Anzanga akabwera ndinkati awauze kuti ndagona. Ndinauza agogo anu kuti, "Amayi a Rosa, munditumize ku Mitande kwa achibale anga. Kumudzi munthu wakhungu amangokhala pakhonde kudikira tsiku lake, palibe chimene angaswe." Iwo anangotenga mbale n'kutuluka. Inu mukuwadziwa, akakhala chete ndiye kuti ntchito yayamba.

M'mawa mwake ndinamva zinthu zikukhwekhwerezeka m'sala. Anaitana anyamata a njinga zonyamula katundu. Masofa awiri anapita kwa mng'ono wawo, tapeti anaipinda, kabati anaikankhira kuchipinda chosungira katundu. Nkhani inafika ku Nampula, ndipo sabata isanathe amayi anu anatulukira. Ndinawamva onse awiri ndili kuchipinda, chifukwa khoma ili ndi lopyapyala.

"Mama, mwatani? Nyumba yaoneka ngati mwalowa akuba. Anthu aziti Rosa wawalanda makolo ake katundu."

"Anthu anene. Bambo ako sakutuluka kuchipinda."

"Ndiye tiwapezere munthu woti aziwagwira dzanja. Katundu uja ndinagula kuti mulemekezeke."

"Unachita bwino, mwanangu, ndipo tinalemekezeka. Koma tandiuza, nyumba ino ndi ya masofa kapena ndi ya bambo ako? Mmodzi ayenera kutuluka. Ine amene ndinakwatiwa naye ndikumudziwa."

Amayi anu analira pang'ono. Kenako ndinamva akufunsa ndi mawu otsika kuti, "Nanga ndithandize chiyani?" Amayi anu ndi otero, amapsa msanga ngati moto wa mapesi, koma mtima wawo ndi wabwino. Anakhala masiku angapo akugwira ntchito limodzi ndi agogo anu, ine ndikungomva kukhoma, kusesa ndi fungo la tinta, penti ija.

Atamaliza, agogo anu anabwera pakhomo pa chipinda. "Bambo a Rosa, dzukani. Vulani nsapato."

"Ndikupita kuti?"

"Ku sala kwanu. Sindikugwirani dzanja. Pondani pansi mundiuze chimene mukumva."

Ndinadzuka monyinyirika. Phazi linaponda chinthu chokhakhala. Unali mkeka wa mlaza, wopapatiza, wautali, ataukhomerera m'mbali kuti usaterereke. Anati, "Mkeka umenewo ndi njanji yanu. Mukaponda simenti dziwani kuti komboyo yagwa." Ndinautsata. Simenti yake sinalinso yoterera, sera anasiya kupaka. Dzanja langa linakhudza thabwa losalala limene anakhoma m'mbali mwa khoma lonse, pa msinkhu wa chiuno. Mkeka unandifikitsa pa mpando wa mlombwa, wautali bwino, wolimba, wokhala ndi mikono yogwira podzuka, ndi katsamiro ka thonje kumsana. Anauika pafupi ndi zenera, kuyang'ana panja, kuti kuwala kuzindigunda kumaso ndi kuti ndizimva komboyo ikamalowa pa estasau, siteshoni yathu ija. Kudzanja lamanja kunali kameza kakang'ono kozungulira, kopanda ngodya, pali wailesi yanga ndi kapu.

Ndinakhala pansi. Kenako ndinaona chinthu. Inde, ndinaona, mu nkhungu yanga ija: mzere wowala kutsogolo kwanga. Anali atapaka mafelemu a zitseko tinta yachikasu chowala kwambiri, khoma n'kulisiya loyera ndi njereza, chifukwa anazindikira kuti mtundu umenewo unkandifikabe. Pakhomo lotulukira panja anaika mphika wa mpungabwi, kuti mphuno izindiuza kumene kuli khomo. Wotchi yapakhoma anaisunthira pamwamba pa khomo la kuchipinda, kuti kugunda kwake kuzindiitana. Pakati pa sala panalibe kanthu. Mipando ina, yopepuka, inali m'mbali mwa khoma, ndi sofa mmodzi wotsala amene amayi anu anamuikira matabwa pansi kuti asamamize anthu.

Ndinadzuka ndekha, ndinapita pakhonde, ndinabwerera, ndinakhalanso. Ndinachita zimenezo kangapo ngati mwana amene wangophunzira kuyenda. Amayi anu ankafwenthera pakona. Agogo anu anangoti, "Lamulo ndi limodzi m'nyumba muno. Chinthu chilichonse chizibwerera pamalo pake. Wosiya mpando panjira, aonana ndi ine." Ena mwa inu munali aang'ono, koma mukukumbukira mmene munkakalipiridwa mukasiya mpira pamkeka. Chifukwa chake chinali chimenecho, sikuti ankakudani.

Tsopano tamverani chimene sitinayembekeze. Woyamba kubwera anali Che Amadu, mnzanga wakale amene ankagulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta, uja wa chipewa choyera amakupatsani mtedzayu. Iyeyo mawondo ndiye anamuvuta. Atakhala pa mpando wolimba anati, "Apa ndiye pokhala munthu. Masofa aja ndinkawaopa ngati dzenje." Mawa lake anabwera ndi thabwa la bawo. Ndinati, "Che Amadu, ndisewera bwanji ndilibe maso?" Iye anati, "Bawo ndi ya zala. Ndipo pamene unkaona unkagonja kale, palibe chimene wataya." Ndinaphunzira kupapasa nkhomo m'maenje, ndipo posachedwa ndinayamba kumudya. Ankati ndikuba, ine ndinkati wakhungu aba bwanji pamaso pa wa maso.

Anthu anayamba kuchuluka. Okalamba a mkwalala uno, amene kale ankathawira panja, tsopano ankalowa. Amayi oyamwitsa ankayala mkeka pakati paja popanda kanthu, ana n'kumakwawa popanda choswa. Ikakwana nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, Che Amadu ankangotembenukira pakona apo, kuyala kansalu kake, ife n'kutsitsa wailesi. A mphakati wathu anayamba kuchitira mapemphero muno, ati ndi momasuka. Ngakhale uja ananong'ona pakhomo anabwera. Mawu ake ndinawazindikira, ndinamulandira bwinobwino, ndipo ndinamuthirira tiyi ndi dzanja langa osataya dontho.

Koma musaganize kuti agogo anu anasiya kukongoletsa poti mwamuna saona. Ndinkamva makina osokera akulira, kenako ankabwera kudzandigwiritsa nsalu. "Iyi ndi kortina yatsopano. Ndi yobiriwira, ili ndi mbalame zofiirira." Nyengo ya maluwa ankathyola a pabwalo n'kuika m'kambiya pazenera, n'kundiuza mtundu wake. Zithunzi za ana anazichotsa m'kabati n'kuzipachika pakhoma, ndipo anandiyendetsa dzanja pa chilichonse: uyu ndi Rosa tsiku la ukwati, uyu ndi Zinha ali ndi mano awiri. Malichero akale awiri anawapachika pakhoma lina, ati kuluka kwake n'kokongola kuposa zithunzi za m'sitolo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Mukudzivutiranji? Ine zonsezi sindiziona." Anati, "Mukukhalamo. Ndipo ine ndimaona. Mukufuna tonse awiri tikhale mumdima?"

Zinatero kwa zaka zingapo. Ndinazolowera, ndinanenepa, ndinayambanso kuseka. Za Mitande sindinazitchulenso.

Ndiye chaka chathachi kunamveka kuti kwabwera madotolo a maso ku chipatala, ndipo akuchotsa ng'ala. Amayi anu anaimba foni, agogo anu anandichapira malaya. Ine ndinakana. Ndinkaopa. Ndinati kuwala kochepa kumene ndili nako n'kumene kumandionetsa zitseko zachikasu, nanga mpeni ukalakwa n'kundilanda komweko? Amene anandigonjetsa ndi Che Amadu. Anati, "Pita, mnzanga. Zikakanika, bawo ilipo, mpando wako ulipo, sutaya nyumba. Zikatheka, uzidzaona mmene ndimakudyera." Ndinaganiza kuti akunena zoona. Munthu amene ali ndi pobwerera saopa ulendo.

Anandichita operasau diso lamanja, n'kuliphimba. Sizinapweteke monga ndinkaganizira. M'mawa mwake namwino anachotsa chophimbacho. Poyamba kunali kuwala kokhakokha kolasa, misozi ikungotsika. Kenako ndinaona dzanja langa, lamakwinya, dzanja la nkhalamba imene sindinkaidziwa. Ndinakweza mutu. Amayi anu anali ataima kumapazi kwa bedi, atagwira pakamwa. Agogo anu sanabwere. Anati wina ayenera kutsala pakhomo, koma ine ndikudziwa kuti nawonso ankaopa.

Tinabwera pa mota, njinga zamoto zija, amayi anu pa ina, ine pa ina, nditavala magalasi akuda ngati woimba. Ndinaona phiri lija lili pomwe ndinalisiya. Ndinaona nyumba zatsopano, masitolo, atsikana ovala mathalauza, mitengo imene ndinaisiya yaing'ono itapitirira madenga. Titafika, ndinaima pakhomo la sala ino n'kuvula magalasi aja.

Ana inu, ndinkaganiza kuti ndikuidziwa sala imeneyi kuposa wina aliyense. Ndinkaidziwa ndi mapazi, ndi zala, ndi mphuno. Koma sindinkadziwa kuti inali yokongola chonchi. Dzuwa linkalowa pa makortina obiriwira n'kugwera pa khoma loyera. Mbalame zofiirira zija zinalipodi. Mkeka wanga unali ndi mizere yofiira ndi yakuda imene palibe anandiuzapo. Thabwa la m'mbali mwa khoma linali litada ndi kunyezimira pamene dzanja langa linkadutsa tsiku ndi tsiku. Chikasu cha pazitseko ndiye chinali chokuwa, chonga cha shapa, maminibasi aja, ndipo ndinaseka. Amayi anu anati, "Mwaona, papa? Ndinawauza kuti chanyanya." Ndinati, "Chisiyeni. Chinandigwira dzanja."

Kenako ndinaona mayi wina ataima pakhomo la kukhitchini, atagwira chipande. Tsitsi lotuluka m'mphepete mwa duku linali loyera lonse. Anali wochepa thupi kuposa amene ndinkamukumbukira, msana utayamba kuwerama. M'mutu mwanga zaka zonsezo ndinkasunga nkhope ina, ndipo iyi inali itakalamba ine kulibe. Mtima unandiwawa, chifukwa ndinaona pankhope imeneyo masofa onse amene anakoka ndi mbale zonse zimene anandibweretsera kuchipinda. Ndiye ndinati, "Kodi agogo awa ndi a kuti?"

Anati, "Mukadziona nokha ndi pamene mudzafunse bwino. Khalani pansi, dotolo anati musamaime nthawi yaitali."

Ndinakhala pa mpando wanga. Unali ukuyang'ana pazenera monga mwa masiku onse. Kampando kawo, kamene ankakhalapo akamaluka, kanali kumbuyo kwanga chakumanzere. Zaka zonsezo ankakhala pamenepo, pamene ankatha kuona mapazi anga ndikamadzuka.

Ndinati, "Rosa, tandithandiza kutembenuza mpandowu."

Agogo anu anati, "Lamulo mwaliiwala? Chinthu chilichonse pamalo pake."

"Lero ndiliphwanya."

"Mukufuna uyang'ane kuti? Komboyo ili uko."

"Komboyo ndaiona moyo wanga wonse. Uyang'ane kumene mumakhala inu."

Amayi anu anautembenuza. Agogo anu anatiyang'ana, chipande chili m'manja. Kenako anati, "Mutopa nayo nkhope imeneyi." Anaika chipande pansi n'kulowa kuchipinda, ndipo ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Tinamva sutikesi ikutsekulidwa. Patapita nthawi anatuluka atamanga duku latsopano, lija ankasungira Khirisimasi, ndi ndolo m'makutu. Anakhala pa kampando kawo, anatenga zoluka zawo, ndipo osandiyang'ana anati, "Chabwino. Yang'anani."